Timasonkherana pa Maliro, Nanga pa Matenda?

Mfuu ya maliro ikangomveka m'mudzi, palibe amene amadikira kuuzidwa chochita. Amayi amatuluka ndi timbale ta ufa, wina mtolo wa nkhuni pamutu, wina ndowa m'manja kulowera kumjigo. Adzukulu amatenga makasu ndi mapiki m'bandakucha kukayamba manda. Chapafupi ndi siwa pamakhala bambo wina ndi kope, kulemba khomo lililonse ndi chimene labweretsa: uyu K500, uyu K5,000, uyu nkhuku, uyu mbale ya nyemba. Mwini golosale amapereka zochuluka, gogo wolera ana amasiye amapereka kambale kake kochepa, koma onse amalowa m'kope limodzi, ndipo nsima ikapsa palibe amene amafunsidwa kuti wasonkha zingati asanasambe m'manja. Anamfedwa amakhala ndi zawo zoti alipire, bokosi ndi zina, koma mudzi suwalola kusenza okha.

Palinso lamulo lina losalembedwa limene aliyense amalidziwa. Munthu wozemba maliro a anzake, uja amapezeka kuti watanganidwa nthawi zonse, tsiku lake likafika adzukulu amaika makasu pansi mpaka atapereka chindapusa kwa amfumu. Si nkhanza ayi. Mudzi unaona kalekale kuti aliyense akamasonkha pokhapokha zikamugwera iyeyo, mwambo wonsewo ungafe.

Mkangano wa mmene dziko lingalipirire chithandizo cha kuchipatala cha anthu ake onse, mkangano umene unachotsa nduna pampando ku London ndi kugawa pakati nyumba ya malamulo ku Washington, wagona pa mafunso omwewa: asonkhe ndani, asonkhe liti, asunge ndani, wozemba timutani. Mu 2015 maiko a m'bungwe la United Nations, Malawi ali momwemo, analonjeza kuti pofika 2030 munthu aliyense azilandira chithandizo chimene akufunikira popanda kugwa nacho mu umphawi. Njira zofikira kumeneko n'zosiyana kwambiri, ndipo popeza kuno kwathu nkhani yoti tiyambe kulipira m'zipatala za boma imangobwererabwerera, ndi bwino tidziwe zimene anzathu anayesa ndi kumene zinawafikitsa.

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi: mankhwala aulere kulibe. Namwino amalandira malipiro, ambulansi imamwa mafuta, dilipi imagulidwa ndi ndalama yakunja. Kumene timamva kuti chipatala n'chaulere, anthu ake amakhala atalipira kale kudzera mu msonkho kapena m'ndalama yodulidwa pa malipiro. Kusiyana kuli pa nthawi yolipira ndi pa amene akusenza. Kwina anthu amasonkha akadali bwino, aliyense monga mwa kapezedwe kake. Kwina amadikira kuti munthu agone kaye pamphasa ndiye amutambasulire dzanja.

Oyamba kuika zimenezi m'lamulo la dziko anali a ku Germany mu 1883. Mtsogoleri wa boma, Otto von Bismarck, sanachite izi chifukwa chomvera chisoni osauka. Ankaopa kuti ogwira ntchito m'mafakitale, amene ankangochulukira, atsatira chipani cha sosholizimu chimene iye ankalimbana nacho, ndiye anafuna kuwapatsa chifukwa chomamatirira ku boma. Magulu othandizana pa matenda analipo kale pakati pa amisiri ndi a m'migodi. Lamulo linangolamula kuti antchito alowemo mokakamizidwa, naye bwana aikepo gawo lake. Mpaka lero ndi mmene zikuyendera. Pa malipiro a munthu pamadulidwa 14.6 peresenti, kuphatikizapo kena kamene thumba lililonse limawonjezera, ndipo theka amalipira wantchito, theka wolemba ntchito. Wolandira zambiri amasonkha zambiri mpaka pa malire ena, koma khadi limene amaonetsa kwa dokotala n'lofanana ndi la wosesa mu ofesi mwake. Ana, komanso mkazi kapena mwamuna amene sali pantchito, amalowa pa dzina lake osawonjezera kanthu. Matumba oterewa alipo osakwana 100. Si a boma, koma saloledwa kupanga phindu kapena kukana munthu chifukwa choti ndi wodwaladwala. Kuti thumba lodzaza ndi nkhalamba lisagwe, ndalama zonse zimayamba zasonkhana pamodzi, kenako n'kugawidwa potengera zaka ndi matenda a mamembala. Pafupifupi anthu 9 pa 10 aliwonse ali m'matumba amenewa. Otsalawo, makamaka opeza bwino ndi ogwira ntchito m'boma, ali ndi inshuwalansi ya makampani.

Njira imeneyi inayamba ndi anthu ochepa, ndipo lamulo loti aliyense wokhala m'dzikomo akhale ndi inshuwalansi linadzabwera mu 2009, patatha zaka 126. Imadaliranso chinthu chimene Germany ali nacho koma ife tilibe, ndicho unyinji wa anthu olembedwa ntchito, amene malipiro awo amadutsa pa pepala lodziwika ku boma. Mlimi wa ku Kasiya kapena mayi wogulitsa zitumbuwa pa Lunzu mungamudule pati?

A ku Britain anatenga njira ina, ndipo nkhani yawo imayambira m'katauni ka migodi ya malasha kotchedwa Tredegar, ku Wales. Kumeneko anthu apantchito ankadulitsa timakobidi tochepa pa malipiro awo n'kuika m'thumba limodzi. Thumbalo linalemba madokotala ndi anamwino akeake, ndipo linakula mpaka pafupifupi tauni yonse inkathandizidwa osalipira pa tsiku lodwala. Mnyamata wina wa komweko, Aneurin Bevan, analowa mumgodi akadali wamng'ono, ndipo bambo ake anafa ndi matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la malasha. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, iyeyu ndi amene anakhala nduna ya zaumoyo. Zimene anakula akuziona kwawo anazifutukula kukhala za dziko lonse, mogwirizana ndi maganizo a mu lipoti la William Beveridge la 1942. Pa 5 July 1948 National Health Service, imene ambiri amangoti NHS, inayamba ntchito. Zipatala zambiri zinalowa m'manja mwa boma, ndalama zikuchokera makamaka mu msonkho wamba, ndipo wodwala aliyense, wolemera kaya wosauka, wapantchito kaya lova, ankalowa osaonetsa ndalama. N'kuti dzikolo litangotuluka m'nkhondo, lili ndi ngongole zosaneneka, nyama ndi shuga zikugulidwa mochita kuyezeredwa pa makadi. Sanadikire kuti alemere kaye.

Madokotala ambiri poyamba anakana kwamtuwagalu, poopa kusanduka makalaliki a boma. Bevan anagonjerako pena. Akatswiri analoledwa kumaonabe odwala olipira pambali, ndipo madokotala a m'madera anakhalabe odziimira paokha, akugwira ntchito pa mgwirizano ndi boma. Mmodzi mwa madokotala a m'madera ku London m'zaka zimenezo anali Dr Hastings Kamuzu Banda.

Mkangano wa ndalama sunachedwe. Anthu amene anakhala zaka akuwerenga mochita kutsinzinira ndi kutafunira usinini anakhamukira kukatenga magalasi a maso ndi mano oikirira, ndipo ndalama zinapitirira zimene boma linayerekeza. Mu 1951 boma litaganiza zoti magalasi ndi mano azilipiridwako, Bevan anatula pansi unduna. Chaka chotsatira kunabwera ndalama ya pa mankhwala olembedwa ndi dokotala, imene ku England lero ili pafupifupi £10 pa mtundu uliwonse, ngakhale ana, okalamba, amayi oyembekezera ndi ovutika salipira, ndipo ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland inachotsedwa.

Chilema cha njira ya Britain ndi mzere. Popeza ndalama yake ndi ya msonkho, chipatala chimalimbirana bajeti ndi sukulu, misewu ndi asilikali, ndipo boma likamanga lamba odwala ndi amene amamva. Wa ngozi amathandizidwa, koma gogo wofuna opaleshoni ya ng'ala kapena ya bondo amadikira. Cholinga chawo n'choti munthu asapitirire milungu 18, koma mu 2023 mndandanda wa odikira ku England unapitirira 7.5 miliyoni. Kuyambira 1999 alinso ndi bungwe lotchedwa NICE, limene limayeza ngati mankhwala atsopano akupindulitsa molingana ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina limakana, odwala khansa akulira pa wailesi ya kanema. NHS imadaliranso kwambiri antchito ochokera kunja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita kumeneko, mawodi a kuno n'kutsala ndi ochepa. Abale athu opita ku Britain pa viza yokakhala nthawi yaitali, kupatula ogwira ntchito za chipatala ndi zosamalira anthu, amalipiriratu ndalama yapadera ya NHS, imene mu 2024 inakwera kufika £1,035 pachaka kwa akuluakulu ambiri.

Canada anaima pakatikati. Madokotala ambiri si antchito a boma, koma wolipira bilu ndi mmodzi, boma la chigawo. Zinayambira m'chigawo cha alimi cha Saskatchewan pansi pa Tommy Douglas, amene ali mwana anatsala pang'ono kudulidwa mwendo chifukwa makolo ake analibe ndalama ya katswiri, mpaka dokotala wina anamuchita opaleshoni ulere kuti aphunzitsirepo ophunzira ake. Mu 1962 madokotala a m'chigawocho ananyanyala ntchito masiku 23 pokana dongosololi, koma linapitirira, ndipo patatha zaka pafupifupi 10 dziko lonse linali litatengera. Nakonso anthu amadandaula za kudikira.

Kumene mkanganowu sunazirale mpaka lero ndi ku America. Mu 1945 Pulezidenti Harry Truman anapempha nyumba ya malamulo kuti ikhazikitse inshuwalansi ya dziko lonse, koma bungwe la madokotala la American Medical Association linathira ndalama zambiri pa kampeni yoopseza anthu kuti chimenecho n'chiyambi cha sosholizimu, ndipo zinakanika. N'kuti njira ina itamera kale mwangozi. Mkati mwa nkhondo yachiwiri ija boma linaletsa makampani kukweza malipiro, ndiye pofuna kukopa antchito makampaniwo anayamba kuwalonjeza inshuwalansi ya kuchipatala. Mpaka lero pafupifupi theka la anthu a ku America amathandizidwa kudzera kuntchito, kutanthauza kuti ntchito ikatha chithandizo chimagwedezeka, nthawi zina munthu atasiya ntchitoyo chifukwa cha kudwala komweko. Mu 1965 Lyndon Johnson anakhazikitsa Medicare ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi Medicaid ya osauka. Otsala pakati, monga odzilemba okha ntchito ndi ogwira maganyu, anasiyidwa kuti akadzigulire okha pamsika.

Pamsika umenewo kampani inali ndi ufulu wokufunsa mbiri ya thupi lako. Ukakhala ndi shuga, mphumu, kapena unadwalapo khansa, inkakukana kapena kukutchulira mtengo wothawitsa. N'zopweteka, koma zili ndi masamu ake. Kulowa kukakhala kwa wofuna, achinyamata athanzi amati adzalowa akadzadwala. M'thumba mumatsala odwala okhaokha, mtengo umakwera, athanzi otsala aja nawonso amatuluka, mtengo n'kukweranso. N'chifukwa chake lamulo limene Barack Obama anasaina pa 23 March 2010, lodziwika kuti Obamacare, linamanga zinthu zitatu mtolo umodzi. Kampani isakanenso munthu chifukwa cha matenda amene ali nawo kale. Opeza zochepa boma liziwathandiza kulipira. Ndipo aliyense alowe, wokana alipire chindapusa pa msonkho wake. Chachitatuchi ndi makasu a adzukulu aja, ndipo n'chimene chinautsa mapiri pachigwa.

Otsutsa, makamaka a chipani cha Republican, ankati boma lilibe mphamvu yokakamiza mfulu kugula chinthu chimene sakuchifuna, kuti mnyamata wathanzi akulipiritsidwa matenda a ena, ndiponso kuti boma likalowerera kwambiri mizere ya ku Britain ifika kwawo. Zoti wathanzi amalipirira wodwala n'zoona, ndipo ine sindionapo cholakwika, pakuti mnyamatayo adzakalamba, komanso ngozi ya pamsewu sifunsa zaka. Khoti lalikulu linavomereza lamuloli mu 2012, koma linalola zigawo zosafuna kuti zisakulitse Medicaid. Mu July 2017 zigawo zikuluzikulu za lamuloli zinatsala pang'ono kufafanizidwa, koma zinapulumuka ndi mavoti 51 kwa 49 pamene John McCain, wa Republican amene n'kuti atangopezeka ndi khansa ya mu ubongo, anavota mosiyana ndi chipani chake. Chindapusa chija chinachotsedwabe kuyambira 2019. Opanda inshuwalansi anatsika kuchoka pa anthu 16 pa 100 aliwonse mu 2010 kufika pafupifupi 8 pa 100 mu 2023, komabe amenewo ndi anthu 26 miliyoni, kuposa Amalawi tonse.

Munthu angaganize kuti posiya ena kunja America amapulumutsa ndalama. Ayi ndithu. Pa chuma chonse chimene dzikolo limapanga pachaka, pafupifupi 17 peresenti imapita ku zaumoyo, pamene ku Britain ndi pafupifupi 11, koma anthu a ku America amafa msanga ndi zaka pafupifupi 3 poyerekeza ndi a ku Britain. Sikuti amapita kwa dokotala kawirikawiri kuposa ena. Vuto ndi mtengo. Ogula ali balalabalala, palibe mmodzi wamphamvu wonenerera m'malo mwa onse, ndipo ndalama zambiri zimathera pa makalaliki a zipatala ndi a makampani okangana za mabilu. Taonani insulin, mankhwala a shuga amene anatulukiridwa ku Toronto mu 1921, eni ake n'kugulitsa umwini wake pa dola imodzi yokha aliyense kuti odwala asavutike. Pofika 2019 kabotolo kamodzi ku America kanali pa mtengo wopitirira $250, pamene kutsidya kwa malire ku Canada kankagulidwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalamayo. Odwala ankakwera mabasi kuwoloka malire kukagula. Ena ankachepetsa mlingo wodzibaya kuti kabotolo kafike kumapeto a mwezi, ndipo alipo amene anafa nazo. Zipatala zina za ku America n'zapamwamba zedi, ndipo mankhwala ambiri atsopano amatulukira kumeneko. Zimenezo sitingakane. Koma zimapindulira amene wakwanitsa kulowa pakhomo.

Apa ndi pamene maliro ndi matenda zimasiyana, ndipo tisabise. Munthu amafa kamodzi, ndipo zofunika pa maliro mudzi umazidziwa. Matenda alibe malire otero. Wodwala impso amafuna makina osefa magazi kawiri kapena katatu pa mlungu kwa moyo wake wonse. Komanso wodwala sasankha chogula. Amene amanena zofunika ndi dokotala, yemwe nthawi zina ndi wogulitsa yemweyo. Mukamulipira pa chilichonse chimene wachita, zoyezayeza ndi maopaleshoni zimachuluka. Mukamupatsa ndalama yoikika, akhoza kuyamba kuumira. Palibe thumba padziko pano limene limakwanitsa zonse, choncho dziko lililonse limamana anthu ake kanthu kena. Britain amakumana pokudikiritsa pamzere, America pokutchulira mtengo, ife pokuuza kuti mankhwala atha. Chimene nzika iyenera kufunsa n'chakuti womanidwayo ndani, ndipo chigamulocho chinapangidwa poyera kapena mseri.

Kwa dziko ngati lathu, phunziro lalikulu ndimaliona ku Thailand, osati ku Ulaya. Nakonso anthu ambiri anali alimi ndi ochita malonda ang'onoang'ono opanda pepala la malipiro. Kuyambira 1983 anayesa kugulitsa makadi a chipatala kwa wofuna, ndipo zinachitika zomwe zija. Ogula ambiri anali odziwa kale kuti awagwiritsa ntchito, ndipo pofika 2001 pafupifupi anthu 3 pa 10 aliwonse analibe chowateteza chilichonse. Madokotala amene anatumikirapo m'zipatala za kumidzi, patsogolo pali Dr Sanguan Nitayarumphong, anakankha ganizo loti boma lisiye kuthamangitsa alimi ndi malisiti, lilipire kuchokera mu msonkho. Chipani cha Thaksin Shinawatra chinalitenga ganizolo n'kupambana nalo chisankho cha 2001, ndipo pofika 2002 aliyense amene sanali m'thumba la ogwira ntchito m'boma kapena la a m'makampani, pafupifupi anthu 3 pa 4 aliwonse, analandira khadi. Pa ulendo uliwonse wodwala ankapereka 30 baht yokha, yosakwana dola imodzi, osauka osapereka n'komwe, ndipo mu 2006 boma linaichotsa. Anachita zimenezi chuma chawo chisanachire bwinobwino ku kugwa kwa mu 1997.

Koma si khadi limene linachiritsa anthu. M'zaka za m'ma 1980 boma linaimitsa kwa kanthawi zomanga zipatala zazikulu m'mizinda, ndalamazo n'kuzithira m'zipatala za m'maboma ndi za kumidzi, ndipo dokotala wophunzitsidwa ndi boma ankayenera kutumikira zaka 3 kumene watumizidwa, ambiri kumudzi. Khadi litabwera linapeza chipatala chilipo, dokotala alimo. Analekanitsanso wosunga thumba ndi woyendetsa zipatala. Ofesi yosunga thumba imalipira chipatala cha m'boma ndalama yoikika pachaka pa munthu aliyense amene analembetsa kumeneko, ndipo mankhwala odula amagulidwa mopikula m'malo mwa dziko lonse kuti mtengo utsike. Sanalonjeze zonse tsiku limodzi. Ma ARV ndi makina osefa magazi poyamba sanalimo, anadzawonjezedwa pambuyo, makinawo mu 2008. Akafukufuku anapeza kuti imfa za makanda m'zigawo zosauka zinatsika mpaka kuyandikana ndi za m'zigawo zolemera, ndipo mabanja ogwa mu umphawi chifukwa cha bilu ya chipatala anachepa kwambiri. Madandaulo alipo. Zipatala zimadzaza, dokotala amakuona mphindi zochepa, ndipo wogwira ntchito m'boma amathiridwabe ndalama zambiri kuposa mlimi. Thailand wa 2002 analinso wolemera kuposa Malawi wa lero. Komabe anaonetsa kuti dziko la alimi likhoza kufikira aliyense likalolera kuyamba ndi zochepa zotsimikizika.

Ku Africa kuno Rwanda ndiye amatchulidwa kwambiri. Banja lililonse limasonkha pachaka pa mutu uliwonse, kwa zaka zambiri mafranc 3,000 kwa anthu wamba, osaukitsitsa akulipiriridwa ndi boma, ndipo atsogoleri a m'midzi amatsatira khomo ndi khomo. Anthu opitirira 8 pa 10 aliwonse alimo, koma ndalama ya alimiyo payokha sikwanira, boma ndi abwenzi akunja amathirapo. Ghana anayamba mu 2003 poika 2.5 peresenti pa msonkho wa katundu wogula, koma thumba likachedwa kulipira zipatala kwa miyezi, zina zimabwerera kukapempha ndalama kwa wodwala. Zambia anakhazikitsa lamulo mu 2018, ndipo bungwe la NHIMA limadula 1 peresenti kwa wantchito ndi 1 peresenti kwa bwana. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali, anthu osakwana mmodzi pa 5 aliwonse ali ndi inshuwalansi ya pulayiveti koma amadya pafupifupi theka la ndalama zonse za zaumoyo. Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la thumba limodzi mu May 2024, ndipo linangotuluka n'kukalowa m'makhoti.

Nanga ife tili pati? Papepala tili mbali ya Britain, pakuti kuyambira 1964 zipatala za boma sizilipiritsa. Koma tsatirani mayi amene mwana wake watentha thupi usiku. Amadzuka kusanache, kulipira kabaza, kufola pa benchi mpaka dzuwa litafika paliwombo. Mwana amabayidwa chala, malungo sapezeka, adokotala amamvetsera pachifuwa n'kulemba m'buku la kuchipatala. Pawindo amamupatsa panado, enawo n'kumuuza kuti akagule ku famase. Mayiyo amamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, kuwerenga, n'kupeza kuti yotsalayo ndi ya kabaza wobwerera. Madzulo amagulitsa ndowa ya chimanga chimene amasungira mwezi wa February, kapena amapita kwa wakatapila. Amene chipatala chawo chapafupi n'cha mishoni, cha pansi pa CHAM, amalipira kuyambira pakhomo, kupatula pamene boma linasainirana nacho mgwirizano wolipirira amayi oyembekezera ndi ana. Ochepa a m'tauni ali ndi MASM kapena inshuwalansi ina ya kuntchito. Pamwamba pa zonsezi, kwa zaka zambiri ndalama zopitirira theka za zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, tinaona tokha kuti zimenezo zikhoza kutha tsiku limodzi.

Choncho amene amati tiyambe kulipira sakulankhula zopanda mutu. Amati munthu akugula kale mankhwala ku famase, bwanji ndalama yomweyo asaipereke kuchipatala kuti mashelefu adzaze. Amati pali anthu oyenda pa galimoto zawo amene akulandira zaulere pamodzi ndi osauka. Ndimawamva, koma njira imeneyi Africa anaiyenda kale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, molimbikitsidwa ndi World Bank komanso mgwirizano wa ku Bamako wa 1987, maiko ambiri anaika ndalama ya pakhomo. Inatolera zochepa poyerekeza ndi bajeti ya zaumoyo, koma inabweza anthu ambiri. Uganda ataichotsa mu 2001 odwala ofika kuchipatala anachuluka nthawi yomweyo, ndipo Zambia anaichotsa m'zipatala za kumidzi mu 2006. Kuno kwathu, kafukufuku wa ku Neno anapeza kuti zipatala zina zitayamba kulipiritsa, obwera kudzaonedwa anatsika ndi kupitirira theka. Malungo sanathe m'midzimo, anthu anangodwalira kunyumba. Ngakhale ku America, kafukufuku wamkulu wa bungwe la RAND amene anayamba m'zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti anthu akamalipira pakhomo amasiya chithandizo chofunika ndi chosafunika chomwe, pakuti wodwala sadziwa kusiyanitsa mutu wamba ndi chiyambi cha zoopsa, ndipo osauka odwala BP ndi amene anavulala nazo.

Maganizo anga ndi awa. Thumba likhale limodzi, gwero lake lalikulu likhale msonkho, ndipo kulowamo kusakhale kwa wofuna. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife sitifikapo. Msonkho wa pa mowa, ndudu ndi zakumwa zotsekemera ukhoza kupatulidwa mwalamulo kuti uzigula mankhwala basi, monga Zimbabwe anapatulira msonkho wa Edzi kuyambira 2000. Ife olandira malipiro a pamwezi tikadulidwa kanthu, kalowe m'thumba lomwelo la mlimi, osati m'kathumba kathu kapadera, pakuti South Africa wationetsa kumene matumba awiri amathera. Mawodi olipira m'zipatala zazikulu akhalepo kwa wofuna chipinda chayekha, bola phindu lake lizioneka ku wodi ya onse ndipo asamalande namwino kumeneko. Boma lilembe mndandanda wa zimene likutsimikiza kuti zizipezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, ukhale waufupi koma woona, upachikidwe pakhomo m'chilankhulo cha anthu a deralo. Ndipo palibe amene adzasonkhe ndi mtima umodzi ngati mankhwala odindidwa chidindo cha boma akupezekabe pamsika. Pamaliro wina amaimirira n'kulengeza zonse zimene zaperekedwa, khamu lonse likumva. Chipatala chilichonse chizichita chimodzimodzi mwezi ndi mwezi, kunena mankhwala amene chalandira, amene chagawa ndi amene atha.

Nkhani ya kulipira ikadzafikanso ku Nyumba ya Malamulo, mudzamva kuti musadandaule, ovutika adzaonedwa mwapadera. Musadzakhutire ndi mawu amenewo. Mudzamudikire phungu wanu pa msonkhano wa kudera, mudzamufunse kuti mayi wopanda kanthu m'chitenje akafika ndi mwana wobanika pakati pa usiku, wopanda kalata ya amfumu, lamulo limene akufuna kuvomerezalo likuti alandiridwe kapena abwezedwe. Akuuzeninso amene adzamulipirire mayiyo, ndi kumene ndalama yake idzachokere.